Apongozi Abisala Kubafa

Masiku ano ntchito ku fakitale ya tomato sungaipeze makina asanavomereze Chingerezi chako. Amakumvetsera pa foni n'kumachotsa malikisi ukadodoma, ukatsokomola, makamaka ukakhala chete.

Lufeyo analephera kawiri. Chingerezi amachitha, koma ali pachikamwini, ndipo netiweki imangogwira pakhonde la apongozi ake, a Nachisale. Iwo akangotulukira ndi tsache, Lufeyo ankadula mawu n'kuweramitsa mutu mwaulemu. Makinawo ankangoti mawu amuthera.

"Amayi, mwayi watsala umodzi," anatero Esinati, mkazi wake. "Mukakhaleko kubafa mpaka amalize."

"Ine ndibisale pakhomo panga ngati wakuba?"

Anapitabe akung'ung'udza, atakupatira tambala m'khwapa kuti asalire.

Lufeyo anayankhula ngati wailesi. Anasimba za mvula, za mpira, za mbuzi yake yosamva, mpaka foni inalengeza kuti wakhoza.

A Nachisale anatuluka nthenga zili mbuu pachitenje, n'kuima chakumbali, nkhope atalozetsa kumunda.

"Esinati, uwauze bambowa kuti Chingerezi sindimva, koma mawu ali nawo okoma. Zaka zonsezi sindinawamvepo. Mawa ndibisalanso, ayankhuleko Chichewa."