Tsamba la Alimi Lomwe Linafunsira Mbeta

Panali mnyamata wina cha ku Madisi, dzina lake Reinford, ndipo akuti nkhani yakeyi ndi yoona. Anali mwana wabwino, wolimbikira, koma wamanyazi zedi, kamakani nakonso kanalipo. Ndiye ankasamala tsamba la pa intaneti la kopaletivi ya alimi a soya. Wapampando wa kopaletiviyo anali a Isake, malume ake a Margareta, mtsikana amene Reinford ankamufera mumtima. Koma akakumana naye ankangoti "Mwaswera bwanji," mawu ena onse n'kuthera pakhosi.

Tsiku lina anakonza tsambalo mwatsopano, maadiresi n'kusintha. Linki yolengezera tsiku logawa mbewu inayamba kungoti 404, kusonyeza kuti tsambalo kulibe. Analowa mu panelo, malo oyendetsera zinthu a kampani yosunga tsambalo, n'kutsegula fayilo ya .htaccess, momwe amalembamo malamulo ouza foni kuti ukafika apa, pita uko. Kenako anaimbira mlongo wake Dorothy, yemwe amagwira ntchito za makompyuta ku Lilongwe.

"Uyambe wakopa fayiloyo, usunge ina pambali, usanaikhudze," anatero Dorothy. "Ndipo poyeserera ulembe 302, yolozera kwa kanthawi. 301 ndi ya mpaka kalekale. Foni ikangoimva kamodzi imasunga, sifunsanso."

"Achemwali, 301 ndi 302 zikusiyana pati? Si nambala imodzi yokha?"

"Iwe Reinford, ndakuuza."

Mnyamatayo sanakope kanthu. Analemba 301 yemweyo, ndipo lamulo lakelo analitambasula mpaka linakokolola masamba onse. Tsono pofuna tsamba loyeserera, analilozetsa ku katsamba kake kobisika. Adiresi yake inali margareta-wanga. Panali chithunzi cha mtsikanayo, pansi pake mawu amene ankalephera kunena aja: "Margareta, ndimakukonda. Ndilole ndikaonekere kwa amalume."

Anayesa, zinatheka, anamwetulira yekhayekha. Asanachotse lamulo loyesereralo, magetsi thi! Laputopu yake ya batire yakufa nayo zii. Nthawi yomweyo a Isake, osadziwa kanthu, anaponya linki ija pa gulu la WhatsApp la alimi onse, amvekere: "Onani tsiku la mbewu."

Mayo ine! Aliyense wodina ankangofikira pa nkhope ya Margareta. Azimayi a pachigayo anawerengerana mokweza. Ena anajambula n'kutumiza mpaka ku Ntchisi.

Magetsi atayaka, Reinford anafufuta mizere mwaphuma n'kufufutira pamodzi ndi yofunika yomwe. Tsamba lonse linagwa, likungoti 500. Pobwerera panalibe, paja sanakope. Anaimbanso ku Lilongwe. Dorothy anaseka mpaka kutsamwa, komabe magazi ndi magazi, anamuthandiza kulembanso fayilo ija mzere ndi mzere.

"Tsamba ladzuka," anatero, "koma mafoni omwe anadina kale azingothamangirabe kwa margareta-wanga. Njira yotsimikizika ndi imodzi: uyende foni ndi foni, uzifufuta zomwe inasunga."

Anakwera njinga, kukwera ndi kutsika zitunda za ku Dowa. Paliponse pomwe wafika, alimi ankamulandira ndi nthungululu: "Alamu afika! Perekani mpando!" Iye mutu pansi, kufufuta, kupepesa, ulendo.

A Isake anamupatsa foni yawo osamwetulira.

"Mwana iwe, mbeta saifunsira pa gulu la alimi. Kwanu kulibe malume? Mwana wa mlongo wanga sakutuluka m'nyumba chifukwa cha iwe."

Apa ndiye mtima wake unasweka. Kusekedwa anali atakuzolowera, koma kuti Margareta akulira chifukwa cha iye, zinamupweteka kwambiri. Anadziwa kuti mwina wamutaya asanamupeze n'komwe.

Anakafika kwawo kwa mtsikanayo n'kuodira. Margareta anatuluka foni ili m'manja, maso ali psuu.

"Mwandichititsa manyazi, a Reinford. Dowa yense wawerenga. Ine mwiniwake ndamvera kwa anthu ku mjigo."

"Pepani. Ndalakwa. Ndipatseni foniyo ndifufute, sindidzakuvutitsaninso."

Margareta anaibisa kumbuyo.

"Foni yanga musaikhudze. Makina anena kale zawo. Ine ndikufuna ndimve inuyo."

Reinford anayang'ana pansi, anayang'ana njinga yake, thukuta lili kamukamu. Kenako ananena mawu onse aja ndi pakamwa pake, mochita chibwibwi, koma osadumpha ngakhale limodzi.

Margareta anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Zinavuta pati pamenepa? Pitani mukatenge amalume anu. Koma mubwere wapansi, osati pa intaneti."

Phunziro: Abale anga, wodziwa akakuuzani kuti kopani fayilo musanaikhudze, kopani. Poyeserera lembani 302, chifukwa 301 ikalowa m'mafoni a anthu simungaiitanenso. Ndipo mawu a mumtima kauzeni mwiniwake maso ndi maso, makina asanakulankhulireni pagulu. Si onse adzapeze Margareta wokhululuka chonchi. Tumizirani anzanu onse okonza masamba, makamaka amanyazi aja.