Pulatinamu Wasiya Kulankhula

Nomvuzo Tyali anayatsanso makina ake ounikira zitsulo, kuwala kofiira n'kulasa kachidutswa ka pulatinamu kamene kanali m'kachikho ka galasi. Anayang'ana pa kompyuta. Mzere unangodutsa mowongoka ngati msewu wa phula, popanda ngakhale kachulu.

Mpaka dzulo lake mzere umenewu unkatukuka n'kupanga timapiri tosongoka, ndipo timapirito ndi timene tinamutchukitsa pa yunivesite yonse ku Pitoliya. Ntchitoyi imayenda chonchi: ukaunika chitsulo, kuwala kobwerera kumaulula mamolekyu, tinthu tosaoneka ndi maso timene takhala pamwamba pake, ndipo uthengawo umaoneka ngati timapiri pa kompyuta. Golide ndi siliva amakuza uthengawo mpaka wogontha kumva. Pulatinamu ndi woumira, amangonong'ona. Koma wa Nomvuzo, atamukanda ndi magetsi kuti akhale wokhakhala, anayamba kufuula moti anthu anachita kugwira pakamwa.

Mawa lake kunkabwera akuluakulu a kampani ina ya migodi kudzaona ndi maso awo. Zikayenda bwino, malo amodzi a uphunzitsi amene anatsala m'dipatimentiyo akanakhala ake. Zikakanika, kontirakiti yake inkatha mwezi womwewo, ndipo mayi ake ku Mthatha anali atalengeza kale kutchalitchi kuti mwana wawo wapeza ntchito yokhazikika.

Malo omwewo ankawafunanso Lesiba Mothapo.

Awiriwa sankamwerana madzi. Ankagwira ntchito m'labu imodzi atafulatirana, ndipo moni wawo unali wa pamphuno. Lesiba ankachita za golide, ntchito imene Nomvuzo ankati ngakhale mwana wa sekondale angaigwire atatsinzina. Lesiba naye pamisonkhano dzanja silinkakhala pansi, mafunso ake obaya okhaokha. Nomvuzo ankamuda munthuyu, ndipo sankabisa.

Anapala pulatinamuyo n'kumukandanso. Palibe chinasintha. Anasakaniza mankhwala atsopano, mzere uli chigonere. Apo m'pamene anaona kuti kachikho kake sikanali mmene anakasiyira. Kamlomo kake kanaloza kuzenera, pomwe iye ankakalozetsa kukhoma. Kachikho kameneka anakatola m'kabati atangoyamba ntchito, ndipo ankakatcha kamwayi. Ankakatsukuluza yekha ndi madzi osefa, ndipo aliyense m'labumo ankadziwa kuti kukakhudza n'kuputa mavu.

Lesiba analowa akuchokera ku nkhomaliro, akupukuta pakamwa mafuta a kota, buledi wofutsamo tchipisi ndi soseji.

"Wagwira kachikho kanga iwe?"

"Mwaswera bwanji, sisi? Kwanu sapatsana moni?"

"Ndakufunsa. Wagwira kapena sunagwire?"

"Ndagwira," anayankha Lesiba, uku akuvala khoti lake loyera mosapupuluma.

Nomvuzo ankayembekezera kuti akana, moti kuvomera kwakeko kunamupsetsa mtima kuposa bodza.

"Mfiti iwe! Wathiramo chiyani? Waona kuti golide wakoyo sakukufikitsa kulikonse, basi undiphere ntchito yanga?"

"Tsitsani mawu, sisi. Tsekani chitseko tikambirane awiriwiri. Nkhani iyi siyofuna anthu."

"Eya, mbava imaopa anthu. Lero uyaluka, wamva? Uchoka pano ndi katoni m'manja."

Anatenga foni n'kuimbira mkulu wa dipatimenti, Pulofesa Viljoen. Sanalekere pomwepo. Anatsekula chitseko chonse n'kuitana a m'malabu oyandikana nawo kuti adzakhale mboni. Anthu ophunzira nawonso amakonda mkangano ngati wina aliyense, moti Pulofesa atafika anachita kupempha njira pakhomo.

Nomvuzo anafotokoza zonse. Anawaonetsa timapiri ta sabata yatha ndi mzere wakufa wa tsikulo. Anakumbutsa anthu mmene Lesiba ankamunyozera pamisonkhano, mmene ankazungulirira tebulo lake ngati fisi pa khola. Ena pakhomo paja anayamba kupukusa mitu. Wina ananong'ona kuti zoterezi anazimvapo kunja, sankadziwa kuti zafika kuno. Lesiba anangoima atapinda manja, nkhope ili gwa, ndipo aliyense anaona kuti munthuyu alibe ndi manyazi omwe.

Pulofesa Viljoen anavula magalasi. Anali munthu wosakonda phokoso, ndipo akakwiya mawu ake ankatsika.

"Dokotala Mothapo, kuwononga ntchito ya mnzanu ndi mlandu wochotsetsa ntchito. Mukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa, Pulofesa."

"Mwavomera kuti munatenga kachikhoka mwini wake asakudziwa?"

"Ndavomera."

"Ndiye tiuzeni chimene munathiramo, mwina tingapulumutse za mawa."

Lesiba anatembenuka n'kuyang'ana Nomvuzo. Sanali maso achisoni ayi, koma anadikira ndithu, ngati munthu amene akupatsa mnzake mpata womaliza.

"Ndinene pano, sisi? Pa anthu onsewa?"

"Nena! Wasowa chonama?" anakuwa Nomvuzo. "Aliyense amve!"

"Sindinathiremo kanthu, Pulofesa. Kachikhoka n'kanga, ndinkaphikiramo golide kasanasowe. Ndakazindikira dzulo, ndiye ndachita zimene tonse timachita ndi chiwiya chokhudza golide, ndakaviika mu asidi. Golide yense amene anamatirira m'katimo wachoka, ndipo ndi iye amene ankatukula timapiri tija." Anakodola mutu kuloza mzere uja pa kompyuta. "Lero m'poyamba kuti pulatinamu wa sisiwa ayezedwe ali yekha."