Chidede cha Esinala

Chiletsereni boma utoto wa m'mafakitale, ati umaipitsa mitsinje, aliyense wokayezetsa chotupa amanyamula botolo lake la madzi ofiira a chidede. Popanda madziwo, amene analowa m'malo mwa utoto uja, adokotala saona kanthu pa kagalasi kawo, ndipo amangokubweza.

Esinala anabwezedwa chomwecho chaka chatha ali ndi mwana wake Tiyanjane, amene anali ndi chotupa, chifukwa alamu ake, a Bizaliyele, anali atazula chidede chonse m'munda wa malemu mwamuna wake kuti abzalemo fodya. "Izi ndi ndiwo basi," anatero. Mvula isanagwe, Tiyanjane anaikidwa m'manda.

Chaka chino chilala chinapsereza chidede mudzi wonse, kupatula chitsamba chimodzi chimene Esinala ankathirira madzi otsukira mbale. A Bizaliyele anatulukira atakulunga mpango m'khosi, chotupa chikuonekerabe.

"Alamu, ndigawireniko timaluwa tochepa chabe."

"Khalani kaye, alamu. Mlendo sapempha ali ndi njala."

Esinala anathyola maluwa onse, osasiyako n'limodzi lomwe, nawaphika motendera nsinjiro. Kenaka anagwada mwaulemu, nawasambitsa m'manja alamu akewo, navundukula mbale.

"Idyani, alamu. Paja munati ndi ndiwo basi."