Chipinda Chozizira Chija

Chala chinali kale pa batani, koma mayi a Nono sanadine.

Makina osunga ntchito zonse za kampani ankang'ung'udzabe m'chipinda chozizira chija, monga ankachitira iwo akadali oyankha mafoni a anthu amene makompyuta awavuta. Nthawi ya nkhomaliro ankabisala muno, buku la mayeso pamiyendo, Nono ali kumsana. Mwanayo akamva phokoso limeneli, tulo basi.

Setifiketi yoyamba anaiwerengera muno, yachiwiri munonso. Yomaliza, imene inawakweza kukhala oyang'anira, ndi yomwe inawapatsa ntchito yosamutsira zonse pa intaneti n'kutseka chipindachi.

"Dinani, abwana," anatero Madala, mkulu wokonza makinawo, amene ankawafunsa mafunso a mayeso atakhala pa katoni. "Kapena zimenezi munalibe m'buku?"

"Musanditchule bwana, Madala. Si inu munkandilanda buku ndikalakwitsa?"

"Ndinkalanda kuti mudzafike apa. Ndiye mwafika, dinani."

"Nanga inu mawa mudzalowera kuti?"

Madala anangokoka manja a juzi yawo yothothoka, imene ankaivalira chipinda chino chokha.

Mayi a Nono anadina. Timagetsi tobiriwira tinathima kamodzikamodzi, zokupizira mphepo zinaima, chipinda chonse chinangoti zii.

Apa m'pamene anazindikira kuti akudzigwedeza, dzanja likusisita kumsana kopanda kanthu, kuopa kuti mwana uja, amene tsopano ali ku sekondale, angadzuke.