Chidole cha pa Kona

Noelene anali atangoponya chidole chija mu wilibala pamene anamva galimoto ikutsika phiri, kuchokera ku tauni ya Scottsdale.

Chidolecho chinali cha mwamuna wake, Merv, ndipo ankachitcha Bwana Barry: ovololo yodzaza udzu, chisoti cha njinga yamoto kumutu, chitakhala pa mpando wa chimbudzi chakale m'mbali mwa msewu, pafupi ndi kona yoopsa. Mawa lake unali ukwati wa mwana wawo, Tegan, ndipo Noelene sanafune kuti alendo adzawaseke.

Merv anatuluka m'khola la ng'ombe akuthamanga.

"Noelene! Mwachotsa Bwana Barry?"

"Ndatopa nacho chonyansa chanuchi."

"Mayi inu! Tegan amaponda buleki akaona Barry! Ndinamuphunzitsa choncho ndine!"

Konayo inalibe chikwangwani. Kuseri kwake kunali phompho, ndipo m'mawa umenewo chifunga chinali chitameza mabulugamu onse. Noelene anatchera khutu. Injiniyo anaidziwa, inali ya Tegan, ndipo sinkachepetsa liwiro.

Noelene anazula chisoti kumutu kwa chidole, n'kuchivala akuthamanga. Anakhala pa chimbudzi paja, nawongola msana, manja pamaondo, osagwedera, ngati Barry.

Nyali ziwiri zinatulukira m'chifunga.