Anakopera Zonse Chifukwa cha Ulesi

Panali munthu wina ku Fíngoè, dzina lake Caetano, amene ankagwira kompyuta ya bungwe lina lothandiza anthu obwerera kuchokera ku Zambia nkhondo itatha. M'nkhokwe ya kompyutayo munali zinthu ziwiri. Munali malamulo osungidwa, amene ankawerengera okha kuti banja lilandire mbewu ndi malata angati. Munalinso mayina ndi nkhani za amayi amene anagwidwa ndi asilikali kutchire. Amayiwo anaulula atalonjezedwa kuti sizidzamveka kunja.

Tsiku lina kunabwera mlembi wa gulu latsopano la ku Chiputo kudzapempha malamulo owerengerawo. Mkulu wa bungwe, Dona Palmira, anavomera, koma anachenjeza Caetano.

"Utulutse malamulo okhaokha. Mayina asachoke muno, wamva?"

"Shefe, kusankha limodzilimodzi n'kuchedwetsa mlendo. Mayinawo angawerenge ndani?"

"Iwe, ndati malamulo okha!"

Koma Caetano makutu ake anali okongoletsa mutu chabe. Dona atangotuluka, iye anadina pa "zonse", n'kuzikopera pa disiketi, kachimbale ka kompyuta, n'kuipereka kwa mlendo, basi ulendo wokacheza ndi anzake okumba golide. Ntchito imene anaithawayo sikanamutengera n'komwe nthawi yomwera tiyi. Ulesi wa mtundu umenewu umandikwiyitsa zedi.

Ku Chiputo anatsegula disiketiyo komiti yonse ya gulu lija ili chiunjikire pa kompyuta, poti ambiri inali nthawi yoyamba kuiona. Mayina anangoti mbwee, ndipo wina anayamba kuwerenga mokweza. Pofika Lamlungu mudzi wonse unali utadziwa.

Patapita masiku, ku ofesi kunafika mayi wapansi, mtolo pamutu, mwana wamwamuna ali pambuyo. Anali Berta, mlongo wake weniweni wa Caetano, amene anakwatiwa ku Chiputoko. Mwamuna wake anali atamuthamangitsa atamva kuti mwanayo ndi wa msilikali.

Caetano anayamba kufotokoza za makina, koma Berta anamudula.

"Achimwene, za makina anuwo ine sindizidziwa. Munandiuza nokha kuti ndilankhule, palibe adzamve. Ndiye mwanayu akundifunsa kuti bambo wake ndani. Muyankheni inu."

Phunziro: Akakupemphani malamulo a m'nkhokwe ya kompyuta, tulutsani malamulo okhawo, ndipo tsegulani muone zimene mwakopera musanapereke. Zinsinsi za anthu zikatuluka sizibwezeka. Tumizirani uthengawu aliyense amene amasunga mayina a anzake pa ntchito.