Yankho la Kopolo kwa Dokotala

Panali msilikali wina, kopolo, amene akuti mpaka lero alipo, kungoti kuseka anasiya. Kopoloyu anali ndi mnzake wa ponda apa nane mpondepo, yemwe ankamutcha Mphepo chifukwa pothamanga m'mawa palibe ankamupeza. Analowa usilikali limodzi, anametedwa mpala tsiku limodzi, ndipo ana a Mphepo ankamuitana kopolo kuti bambo aang'ono.

Mphepo anavulala bondo podumpha m'galimoto ya asilikali. Kuchipatala cha pakampu anamupatsa mankhwala, koma ululu sunathe. Kubwererako ankaopa, poti msilikali wodandauladandaula za bondo amamuchotsa pagulu n'kumuika kosesa maofesi. Ndiye anapeza munthu wina kuseri kwa msika amene ankagulitsa mobisa mapiritsi amphamvu opha ululu. Anayamba ndi limodzi patsiku. Bondo linapola, koma mapiritsi sanawasiye, m'malo mwake anangoonjezera.

Tsiku lina mkazi wa Mphepo akuyanika zovala kuseri kwa nyumba za asilikali, anaona kopolo akudutsa n'kumuitana.

"Alamu, m'bale wanuyu akutha. Dzulo wagona chakudya chili m'kamwa, mwana akumugwedeza osadzuka. Ine sandimvera. Chonde kawauzeni adokotala."

"Alamu, zakuntchito kuno inu simukuzidziwa. Ndikangonena, ntchito yatha, nyumba akulandani. Anawa mupita nawo kuti?"

"Bola tikagone pakhonde kwa amayi anga, iye ali moyo."

"Mtima m'malo. Ndilankhula naye pachimuna."

Analankhula nayedi. Mphepo anaseka, namumenya paphewa.

"Aise, nawenso wayamba kumvera za akazi? Ndi timapiritsi chabe. Mwezi uno ndisiya."

Tsono pakati pa asilikali pali lamulo losalembedwa, lakuti mnzako sumupereka kwa mabwana zivute zitani. Kopolo analigwira ndi manja awiri. Mphepo akamasinza paperete, iye ankamugunda ndi chigongono. Ikakhala nthawi ya Mphepo yolondera pageti, kopolo ankamuimirira. Litafika tsiku loyeza mkodzo pofufuza ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, kopolo anathira wake m'botolo la mnzake. Zotsatira zinabwera zabwino ndipo awiriwa anagwirana chanza mokondwa. Abale, chikondi china n'chakupha, ine zimandiwawa ndikamaiganiza nkhaniyi.

M'mawa wina atangochoka kothamanga, Mphepo anagwa pamasitepe a nyumba yosungira mfuti n'kumenyetsa mutu pasimenti. Anamunyamula kupita naye kuchipatala cha pakampu. Ankapuma motalikiratalikira, milomo itayamba kuda. Dokotala, mayi wachikulire, anamutsegula zikope, nayang'anitsitsa, kenako anatembenukira kwa kopolo. Pakhomo panali pataima sajeni wawo.

"Kopolo, munthuyu mumayenda naye. Pali chimene amamwa? Ndiuzeni zoona, nthawi ndilibe."

Kopolo anayang'ana sajeni, nayang'ana mnzake pabedi. Mumtima ankati adzuka uyu, amadzuka masiku onse.

"Palibe, bwana. Ngakhale mowa salawa. Wangomenyetsa mutu."

"Maso akewa akundikayikitsa. Mukunenetsa?"

"Ndikunenetsa, bwana."

Sajeni naye anaikira umboni mosadziwa. "Tinamuyeza mkodzo posachedwapa, analibe kanthu."

Dokotala anawakhulupirira. Anaganiza kuti magazi akukha mkati mwa mutu, ndiye analamula kuti ambulansi imutengere kuchipatala chachikulu komwe kunali makina ojambulira, ndipo kunali kutali. Kopolo anakwera nawo, atagwira dzanja la mnzake, akukonza mawu oti akamukalipire akatsitsimuka. Ali m'njira, dzanja lija linalefuka. Namwino wa mu ambulansimo anayesetsa kumupopa pachifuwa, koma Mphepo anali atapita.

Atapima thupi, anapeza kuti bala la kumutu linali laling'ono. Chinamupha ndi mapiritsi. Dokotala uja anaitanitsa kopolo, natseka chitseko. Sanakalipe. Anatsegula kabati imene inali pafupi ndi bedi lomwe Mphepo anagona, natulutsa kabotolo kakang'ono.

"Jakisoni uyu amadzutsa munthu amene wamwa mapiritsi amenewo mopitirira muyeso. Sachedwa kugwira ntchito. Anali pompano. Inenso ndinalakwa kumvera pakamwa panu m'malo mokhulupirira maso anga, ndipo zindivutitsa mpaka kalekale. Koma kopolo, ndinakufunsani kawiri."

Pamaliro kopolo ananyamula nawo bokosi. Mfuti zinaombedwa, mabwana analankhula zabwino zokhazokha, ndipo asilikali ena ankamunong'oneza kuti ndiwe mwamuna, sunamupereke mnzako. Mawu amenewo ankamubaya mumtima.

Anthu atabalalika, anapita kukapepesa kwa mkazi wamasiye uja. Anamupeza atakhala pansi m'chipinda chochezera, mwana wamng'ono atagona pamiyendo pake. Kopolo anagwada, koma asanatsegule pakamwa mayiyo ndiye anayamba kulankhula, motsitsa mawu.

"Alamu, ndamva kuti adokotala anakufunsani ngati pali chimene amamwa."

"Eya, alamu."

"Inu munayankha chiyani? Ndikufuna ndimve kuchokera pakamwa panu, chifukwa anawa akadzakula adzandifunsa mmene bambo awo anafera."

Kopolo anakhala chigwadire, misozi ikugwera payunifomu. Mayiyo anadikira, nadikirabe.

Phunziro: Kubisira mnzako amene akugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo si chikondi ayi, n'kumukumbira manda. Ntchito ikatha ina imapezeka, koma moyo ulibe sipeya. Dokotala akakufunsa, nena zoona ngakhale bwana ali pakhomo. Tumizirani ena uthengawu, makamaka amene ali ndi m'bale kapena mwamuna wovala yunifomu, mwina pali wina amene akusunga chinsinsi chotere lero lino.